Pulogalamu yanga yosaka mabaiti ikukwawa ikafika pa maziro, ndithandizeni

wazamakhadi
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa C. Ndili ndi kapulogalamu kamene ndimabwezera mavidiyo ndi zithunzi zofufutika m'mamemori khadi, makamaka a anthu ojambula maukwati. Ndimayamba ndakopera khadi lonse kukhala fayilo imodzi pa SSD, kenako pulogalamu imasaka mabaiti amene amakhala koyambirira kwa MP4, awa (olembedwa mu hex): 00 00 00 18 66 74 79 70. Anayi omalizawo ndi zilembo za ftyp. Njira yanga ndi iyi, ndi mafunction awiri a C: memchr ipeze baiti yoyamba, memcmp itsimikize zotsalazo. Pamene pali data yeniyeni imathamanga bwino, koma ikangolowa m'dera lomwe khadi silinalembedwepo imayamba kukwawa, fani ya laputopu n'kumalira. Khadi la 64 GB lomwe theka lake mulibe kanthu likunditengera nthawi yaitali kuposa lodzaza. Vuto ndi memchr? Kapena ndilembe ndekha njira yosakira ija ya Boyer-Moore?

dzuwa32
Bwanji osangogwiritsa ntchito strstr, function yosaka mawu m'kati mwa mawu ena?

MaiSegfault
Ayi achimwene, strstr singathandize apa. Imaona baiti ya 00 ngati mathero a mawu, ndiye iima pa ziro woyamba. Ngakhale chosakidwa chawocho chikuyamba ndi 00, kwa strstr ndi mawu opanda chilembo n'chimodzi chomwe. Pa data ya mabaiti timafuna memmem, yomwe mumaiuza nokha kutalika kwa zonse ziwiri.

kamba_rs
A wazamakhadi, memchr ilibe mlandu. Mwaituma kukasaka baiti yomwe ili paliponse. Taonani zomwe zikuchitika m'dera la maziro: mwaitana memchr, yakonzeka kuti iyang'ane mabaiti 16 kapena 32 nthawi imodzi, koma baiti yoyamba yomweyo ndi 00, ndiye yabwerera pomwepo. memcmp yafananiza, maziro atatu agwirizana, pa 18 yakana. Mwasuntha baiti imodzi, mwaitananso memchr. Pa 32 GB ya maziro ndiye kuti mwaitana mafunction awiriwo ka mabiliyoni 32, ndipo palibe ulendo n'umodzi womwe umene memchr yapeza mpata wothamanga. Loop wamba ya for ikanakuchitirani bwino kuposa pamenepa.

Zili ngati mukufuna munthu mumsika wa Limbe n'kumaimitsa aliyense wovala malaya. Imitsani ovala chipewa chofiira okha. Sakani baiti yosowa, monga 79, yomwe ndi y, ndipo mukaipeza bwererani m'mbuyo malo 6 n'kufananiza kuyambira pamenepo. M'dera la maziro memchr idutsa osaima.

wazamakhadi
Zamveka bwino kwambiri, zikomo. Ndiye pa JPEG palibe vuto eti, poti imayamba ndi FF D8 FF?

MaiSegfault
Lilipo lomwelo. Makhadi ena malo ofufutidwa amawerengeka 00, ena FF, kutengera amene analipanga. Mukalandira khadi la FF, kusaka JPEG ndi baiti yoyamba kukwawa chimodzimodzi. Pamenepo sakani D8. Komanso 18 uja musamudalire. Mabaiti anayi oyambawo akunena kukula kwa bokosi la ftyp, ndipo makamera amasiyana: ena 14, ena 1C, ena 20. Sakani ftyp yokha n'kubwerera m'mbuyo mabaiti 4, apo ayi mavidiyo ena muziwadumpha osadziwa.

gogo_pointer
Ana anga, funso lachiwiri la mnzathuyu simunaliyankhe. Ine ndikuti Boyer-Moore ailembe, ndipo aphunzirapo zambiri. Robert Boyer ndi J Strother Moore anaifalitsa mu 1977, ndipo Nigel Horspool anaipeputsa mu 1980 mpaka inatsala mizere yochepa chabe. Nzeru yake ndi yoti musayambe kuyang'ana kumutu kwa chosakidwa, yambani kumchira. Ngati baiti yomwe ili pansi pa mchirawo mulibe m'chosakidwa chonse, palibe chifukwa choyang'ana mabaiti apakati, mungodumpha utali wonse.

Tiyeni tiyese pa chitsanzo chawo cha mabaiti 8. Mumakonza tebulo la malo 256, lililonse muli 8. Kenako mabaiti 7 oyamba a chosakidwa mumawalembera mtunda wawo kuchoka kumchira. Ziro womaliza ali pamalo 2 tikawerenga kuyambira 0, ndiye 7 kuchotsa 2 ndi 5. M'dera la maziro pulogalamu iyang'ana baiti imodzi, iona kuti si p, baiti ya kumchira ija, idumpha 5, iyang'ananso imodzi, idumpha 5. Mabaiti anayi mwa asanu alionse siiwakhudza n'komwe. Mike Haertel, amene analemba GNU grep, anafotokoza mu 2010 kuti liwiro la grep limachokera pamenepa, kusayang'ana baiti iliyonse, kuphatikiza kusagawa data m'mizere isanapeze chomwe ikufuna.

kamba_rs
Gogo, ndi ulemu wonse, pa chosakidwa chachifupi chonchi Horspool igonja. Singadumphe kuposa utali wa chosakidwacho. Pa ftyp ndiye 4 basi. Purosesa yokhala ndi AVX2, malamulo a SIMD ogwira mabaiti ambiri nthawi imodzi, imafananiza mabaiti 32 ndi lamulo limodzi. Ndipo pali china: mu Horspool malo otsatira simungawadziwe musanawerenge baiti, n'kukawerenganso tebulo, ndiye sitepe iliyonse imadikira inzake. Pamene loop ya SIMD imadziwiratu kuti ikupita patsogolo ndi 32, purosesa n'kumayamba zotsatira zoyambazo zisanathe.

gogo_pointer
Pa mabaiti 4 ndavomera. Koma chosakidwa chikatalika nkhani imasintha. Boundary ya multipart mu HTTP, mawu olekanitsa zigawo za uthenga, imaloledwa kufika zilembo 70. Pamenepo kudumpha kumapindula, ndipo si makina onse ali ndi AVX2. Ine ntchito zanga zambiri zili pa timakina tating'ono tomwe ngakhale NEON, SIMD ya mapurosesa a ARM, tilibe.

kamba_rs
Pa timakina timeneto sindikutsutsani.

thengo_dev
Musanalimbikitse munthu kulemba Horspool yake, muuzeninso pomwe imagwera. Tengani chosakidwa chokhala ndi b mmodzi kutsogolo kenako ma a 999, ndipo data yonse ikhale ma a okhaokha. Ikafananiza kuchokera kumchira, ma a 999 onse agwirizana, pa b yakana, yasuntha malo amodzi, yayambiranso. Pa baiti iliyonse ya data yagwira ntchito ka 1000. Njira wamba yoyambira kumutu imagwa chimodzimodzi mukaika b kumapeto. Pa khadi la ukwati mwina simungakumane nazo, koma pa seva yomwe chosakidwa chimachokera kwa mlendo, monga boundary yomwe gogo atchulayo, munthu akhoza kutumiza dala zoterezi kuti purosesa yanu itanganidwe.

N'chifukwa chake malaibulale akuluakulu amasunga njira yomwe nthawi yake imakula molingana ndi kukula kwa data basi, zivute zitani. Knuth, Morris ndi Pratt anaonetsa mu 1977 kuti n'zotheka, koma njira yawo imafuna tebulo lotalika ngati chosakidwacho, ndipo memmem siyenera kumapempha memori ndi malloc, chifukwa ilibe njira youzira woitana kuti memori yasowa. Maxime Crochemore ndi Dominique Perrin mu 1991 anabweretsa Two-Way, yomwe imangosunga manambala ochepa. Imadula chosakidwa pawiri pamalo osankhidwa mwaluso, imafananiza chigawo cha kumanja kupita kutsogolo, chikagwirizana ndiye cha kumanzere kubwerera m'mbuyo. Ikakanidwa kumanja imadumpha zonse zomwe yafananiza kale, ikakanidwa kumanzere imadumpha molingana ndi mmene chosakidwacho chimadzibwerezera. Kufananiza konse sikupitirira kawiri kukula kwa data.

glibc, laibulale ya C ya pa Linux, inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2.9, chaka cha 2008. Kuyambira 2.30 mu 2019, memmem yake pa zosakidwa zosapitirira mabaiti 256 imagwiritsa ntchito Horspool yosinthidwa yoyang'ana mabaiti awiriawiri, ndipo zotalika kuposa apo zimapita ku Two-Way. musl, laibulale ina ya C, ili ndi njira zapadera za mabaiti 2, 3 ndi 4, zotsala zonse Two-Way. Ndiye a wazamakhadi, musanalembe kanthu, ikani #define _GNU_SOURCE pamwamba pa fayilo, itanani memmem, muyeze. Anthu aigwirira ntchito zaka zambiri.

dzuwa32
Ine pa Windows compiler ikuti memmem siikuidziwa.

thengo_dev
Eya, si ya muyezo wa C, ndipo laibulale ya Microsoft ilibe. Mu POSIX yalowa posachedwapa, mu 2024, ngakhale pa Linux ndi ma BSD yakhalapo kalekale. Ngati muli pa C++17 pali std::search pamodzi ndi std::boyer_moore_horspool_searcher. Apo ayi, memmem ya musl ndi fayilo imodzi yaifupi ya laisensi ya MIT, mukhoza kuiika mu pulojekiti yanu bola musachotse mawu a laisensiyo.

nsato_py
Ine sindikuona chifukwa chovutikira ndi C. Mu Python mumatsegula fayiloyo ndi mmap, yomwe imaionetsa ngati ili m'memori, n'kuitana find mu loop, mizere isanakwane 10 mwamaliza. Kusaka kwenikweniko kumachitika mu C m'kati mwa CPython. Fredrik Lundh analemba njira yosakaniza Horspool ndi nzeru ya Daniel Sunday yomwe inalowa mu Python 2.5, ndipo mu 3.10 anawonjezera Two-Way kuti zosakidwa zazitali zisamagwere m'dzenje lomwe a thengo_dev afotokoza.

MaiSegfault
mmap ndi yabwino pa fayilo yomwe ili pa SSD. Koma chonde wina asayese mmap pa khadi lenilenilo. Khadi lodwala likalephera kuwerenga gawo lina, pulogalamu simalandira error yoti n'kuigwira, imaphedwa ndi SIGBUS. Koperani kaye ndi ddrescue, pulogalamu yokopera madisiki odwala, ndipo muipatse mapfile, fayilo yomwe imalembamo pomwe yafika. Magetsi akathima pakati, batire n'kutha, mukayatsanso imapitiriza pomwe inalekera m'malo moyambiranso kuvutitsa khadi lomwe likufa kale.

wazamakhadi
ddrescue ndiyo ndimagwiritsa ntchito mayi, ndipo malo omwe yalephera kuwerenga amatsalanso maziro m'fayilo yatsopanoyo, ndiye maziro amachuluka zedi. Chimene chimandipweteka mtima ndi makhadi abodza. Mwezi watha kunabwera mnyamata wojambula ndi khadi lolembedwa 128 GB, lotchipa, analigula pa kashopu kena. Anajambula ukwati wonse, kamera osadandaula. Mayina a mafayilo onse akuoneka, kukula kwake kukuoneka, koma kutsegula mavidiyo a kuphwando ndi a perekaniperekani, m'kati mulibe kanthu. Anakhala pa benchi panga atagwira kumutu, foni ya akuchikazi ikungolira m'thumba. Pamenepo palibe pulogalamu yosaka yomwe ingathandize, chifukwa datayo sinalembedwe n'komwe.

mphepo_zinayi
Zomvetsa chisoni. Muziwauza makasitomala anu aziyeza khadi lisanapite ku ntchito. Pa Linux pali f3, pa Windows H2testw. Zimalemba khadi lonse n'kuwerenganso, labodza limaonekera pomwepo.

dzuwa32
Kuyezako kumatenga maola, ndani angadikire Lachisanu madzulo ukwati uli mawa?

mphepo_zinayi
Ayeze tsiku lomwe wagula, osati Lachisanu. f3probe imayeza mwachangu osalemba khadi lonse.

Koma tibwerere ku funso. Ine ndikuona kuti nonse mukuthamangira kukonza chinthu chosafunika. Fayilo pa FAT32 kapena exFAT siyambira paliponse, imayambira pa chiyambi cha cluster, timagawo tofanana kukula tomwe khadi limagawidwa. Ndiye palibe chifukwa chosakira baiti iliyonse. Yang'anani pa malo 0, 512, 1024, kumapita choncho, paliponse mufananize mabaiti ochepa oyambirira. PhotoRec ya Christophe Grenier imayenda m'mabuloko chonchi. Ubwino wina ndi woti tizithunzi tating'ono tomwe kamera imaika m'kati mwa JPEG, m'gawo la Exif, nato timayamba ndi FF D8, ndipo mukamasaka paliponse timakusokonezani. Mukamayang'ana pa 512 pokha ambiri a ito mumawadutsa.

kamba_rs
Pa chiyambi cha fayilo mwanena zoona, ndipo njira yanuyo ndi yosavuta kuposa zonse zomwe tanena.

wazamakhadi
Pa chiyambi inde, ndisintha. Koma kusaka ndikukufunabe. Makamera ambiri amalemba moov, bokosi lonena pomwe chithunzi chilichonse cha vidiyo chili, kumapeto kwa vidiyo, pambuyo pa mdat, bokosi la data yeniyeniyo, ndipo popanda moov vidiyo siseweredwa. Fayilo ikakhala yoduka zidutswa, kukula kolembedwa pa mdat sikundifikitsa pa moov, ndiye ndimayenera kuisaka, ndipo iyo imakhala pa baiti iliyonse, osati pa 512. A kamba_rs, tafotokozani bwino za SIMD mwatchulazo, ndikufuna ndimvetse zomwe zimachitika m'kati ngakhale nditagwiritsa ntchito laibulale.

kamba_rs
Chabwino. Baiti imodzi yosowa imathandiza m'maziro, koma m'kati mwa vidiyo siikwanira. Data yopanikizidwa imaoneka ngati yachisawawa, ndiye baiti iliyonse imapezeka pafupifupi kamodzi pa mabaiti 256. memchr izingoima pafupipafupi. Mukayang'ana mabaiti awiri nthawi imodzi, kuima kumatsika kufika kamodzi pa 65,536. Wojciech Muła anafotokoza bwino njira imeneyi mu 2016, pogwiritsa ntchito baiti yoyamba ndi yomaliza.

Pa moov zimayenda chonchi. Rejisita imodzi muidzaze ndi m ka 32, ina ndi v ka 32. Mu loop muwerenge mabaiti 32 kuyambira pa i, ndi enanso 32 kuyambira pa i+3. Oyambawo afananizidwe ndi m pogwiritsa ntchito _mm256_cmpeq_epi8, achiwiriwo ndi v. Zotsatira ziwirizo muzichite AND, kenako _mm256_movemask_epi8 ikupatsani nambala ya mabiti 32, biti iliyonse kuimira malo amodzi. Nambalayo ikakhala 0, zomwe zimachitika pafupifupi nthawi zonse, onjezani 32 pa i. Ikakhala ina, __builtin_ctz ikuuzani malo a biti yotsikitsitsa, muitane memcmp pamenepo, muzimitse bitiyo ndi mask &= mask - 1, mupitirize mpaka ithe.

Laibulale ya memchr ya ku Rust, ya Andrew Gallant amene analembanso ripgrep, inalandira memmem mu 2.4, chaka cha 2021. Iyo siitenga baiti yoyamba ndi yomaliza, imasankha awiri omwe ikuganiza kuti ndi osowa kwambiri, kutengera tebulo la kuchuluka kwa mabaiti lomwe inakonzeratu. Pa zosakidwa zazitali njira imeneyi imangokhala sefa, kumbuyo kwake kuli Two-Way, ndipo sefayo ikaona kuti ikuima kwambiri osadumpha kanthu imadzizimitsa yokha. Ichi ndicho ndimachikonda: imathamanga pamene zinthu zili bwino, ndipo pamene zavuta siigwa. Mukamasaka chinthu chimodzi kambirimbiri, pangani memmem::Finder kamodzi kunja kwa loop, kuti kukonzekera kusamabwerezedwe.

Ku Go, bytes.Index imayamba ndi IndexByte pa baiti yoyamba, ngati mmene munachitira inu, koma imawerenga maulendo omwe yanamizidwa, akachuluka imasintha njira, ndipo pa zosakidwa zazitali imapita ku Rabin-Karp. Ndiye vuto mwakumana naloli ndi lodziwika, aliyense wolemba laibulale analikonzera pothawira.

MaiSegfault
Amene akufuna kulemba yake ya SIMD asamale kumapeto kwa buffer. Kuwerenga mabaiti 32 kuyambira pa i+3 pamene kwatsala 20 ndiye kuti mwawerenga kunja. Masiku ambiri sizioneka, chifukwa memori yotsatirayo ndi yanu yomwe. Tsiku lomwe buffer idzathere ndendende pa malire a tsamba la mabaiti 4096, tsamba lotsatira lili losaloledwa, pulogalamu idzagwa, ndipo pa mmap ya fayilo yomwe kukula kwake kumagawika ndi 4096, monga mmene zimakhalira ndi makhadi ambiri, zimenezi si zosowa. Loop iime pamene i+3+32 yapitirira n. Zotsalazo muzimalize ndi loop wamba, kapena muwerenge komaliza kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo, n'kuzimitsa mabiti a malo omwe mwaona kale. Poyesa, yatsani -fsanitize=address, ndipo muyese utali uliwonse wa data kuyambira 0 mpaka 200 ndi chosakidwa pa malo alionse, kufananiza yankho ndi la loop wamba. Musaiwale chosakidwa chopanda kanthu, ndi chotalika kuposa datayo.

gogo_pointer
Mwanena bwino mayi. Ndiwonjezereko za read. Ngati mukuwerenga zidutswa za 1 MB, moov ikhoza kugwera pakati: mo kumapeto kwa chidutswa ichi, ov koyambirira kwa chotsatira. memmem siiona. Mabaiti omaliza, ochepera ndi imodzi pa utali wa chosakidwa, muziwasamutsira kutsogolo kwa buffer musanawerenge ena. Pa moov ndi 3. Mukasunga 4 mudzapeza chinthu chimodzi kawiri.

dzuwa32
Nanga pa Raspberry Pi kapena foni? AVX2 kulibe.

kamba_rs
Kuli NEON, mabaiti 16. vceqq_u8 ndi vandq_u8 zimagwira ntchito yomweyo. Chosowa ndi movemask. Anthu amagwiritsa ntchito vshrn_n_u16 ndi 4, yomwe imafinya zotsatira kukhala nambala ya mabiti 64, mabiti anayi pa baiti iliyonse, ndiye yankho la ctz mumaligawa ndi 4. Laibulale ya memchr ili nazo kale zimenezi.

chilembo_ndi_baiti
Pepani ndilowererepo, nkhani ya tebulo la mabaiti osowa yandikhudza. Ine ndimasaka mawu m'mafayilo aakulu a nkhani za Chichewa. Tebulo lomwe laibulale imabwera nalo silinakonzedwe ndi Chichewa m'maganizo. Mu Chingerezi z ndi wosowa kwambiri, k ndi w nawonso sachuluka, koma kwa ife ali paliponse: zimene, ziri, kuti, kwa, wa, awa. Mukasaka mawu ngati zokambirana, laibulale ikhoza kusankha zilembo zomwe m'nkhani zathu ndi zochuluka. Yankho limakhala lolondola ndithu, kungoti sefayo imaima kawirikawiri. Ndi mabaiti awiri vutoli limachepa, koma ndi bwino kudziwa. Kodi pali njira yoipatsa tebulo langa?

kamba_rs
Ilipo. Kuyambira 2.6 pali HeuristicFrequencyRank, mumaipereka kwa FinderBuilder. Werengani kuchuluka kwa baiti iliyonse pa chigawo cha data yanu, muwasanje kuyambira wosowa kufika wochuluka, ndiye tebulo lanu. A wazamakhadi nawonso zingawathandize, chifukwa khadi si nkhani zolembedwa: 00 ndi FF ndiwo ayenera kukhala pamwamba penipeni.

chilembo_ndi_baiti
Zikomo. China choti anzathu adziwe: kusaka mabaiti pa UTF-8 n'kotetezeka, chifukwa baiti yapakati pa chilembo siingafanane ndi yoyambira chilembo china, ndiye simungapeze mawu oyambira pakati pa chilembo. Koma memmem siidziwa kuti Malaŵi ndi Malawi ndi dziko limodzi. ŵ ndi mabaiti awiri, C5 B5, ndipo makina ena amalemba w wamba wotsatiridwa ndi CC 82, zooneka chimodzimodzi pa sikirini. Datayo iyambe yakonzedwa kukhala ya mtundu umodzi, kenako musake.

thengo_dev
Funso kwa mwini nkhani: mukusaka zinthu zingati? Ngati ndi ftyp, moov, JPEG, PNG ndi PDF, musadutse fayilo ya 64 GB kasanu. Kuwerenga disiki ndiko kudzakudyereni nthawi, osati kufananiza. Njira yosavuta, werengani chidutswa chaching'ono chokwana mu cache ya purosesa, musake zonse zisanu pa chidutswacho, kenako chotsatira. Zikachuluka kufika makumi, pali Aho-Corasick ya mu 1975, yomwe imasaka zonse pa ulendo umodzi. Laibulale ya aho-corasick ya ku Rust, zosakidwa zikakhala zochepa, imagwiritsa ntchito Teddy, njira ya SIMD yomwe inachokera ku Hyperscan.

mphepo_zinayi
Ndi zomwe ndimanena. Chowerengera makhadi cha USB 2.0 sichingapitirire 480 Mbit pa sekondi, ndiye kuti 60 MB ngakhale pa pepala. SSD ya SATA imathera cha m'ma 550 MB pa sekondi. memmem wamba ya glibc ikhoza kukwanira pamenepo. Asanalembe mzere umodzi wa AVX2 ayeze kaye nthawi yongowerenga fayiloyo osasaka kanthu. Ngati kusaka sikukuwonjezera zambiri pa nthawi imeneyo, asiye pomwepo.

gogo_pointer
Pa ntchito ya kasitomala ndikugwirizana nanu. Koma madzulo ena akapeza mpata alembebe Horspool, ayerekeze ndi memmem pa data yake. Munthu amene anakonzapo tebulo lija ndi manja ake akadzaona pulogalamu ikukwawa amadziwa poyang'ana.

wazamakhadi
Ndabwera ndi zotsatira. Chiyambi cha mafayilo tsopano ndikuyang'ana pa 512 pokha monga ananenera a mphepo_zinayi, ndipo moov ndikusaka ndi memmem ya glibc, ndi mabaiti 3 osamutsidwa aja. Dera la maziro ikudutsa mofanana ndi lina lililonse, ndipo nthawi yonse yayandikira ya kungowerenga fayilo, ndiye za AVX2 ndaziika pambali kaye. Mavidiyo ena omwe kale sankapezeka atuluka, bokosi lawo la ftyp linali la 1C. Koma kwabuka china. Pa khadi lodzaza, moov ikupezeka malo ambiri kuposa chiwerengero cha mavidiyo, ndipo ena mwa malowo ali pakati penipeni pa mdat. Kodi memmem ikulakwitsa?

thengo_dev
Siikulakwitsa, mabaitiwo alipodi pamenepo, angogwirizana mwangozi. Mabaiti 4 ali ndi mitundu 4,294,967,296. Pa data yooneka ngati yachisawawa yokwana 64 GB, yembekezerani kuti moov ituluka yokha pafupifupi ka 15 popanda kamera kuilemba. FF D8 FF ndi mabaiti 3, kamodzi pa 16,777,216, ndiye pa khadi lomwelo ndi maulendo oposa 3,800 mukamasaka paliponse. Komanso makamera ena amalemba timavidiyo tating'ono pambali pa vidiyo yaikulu, nato tili ndi moov yake.

MaiSegfault
Mukapeza moov, werengani mabaiti 4 a m'mbuyo mwake ngati nambala ya big-endian, ndiko kukula kwa bokosi. Kukhale kosachepera 8 ndipo kusapitirire pomwe fayilo yathera. Kenako yang'anani bokosi loyamba m'kati mwake, lomwe kawirikawiri ndi mvhd, ndiye zilembo zimenezo zikhale mabaiti 8 kuchokera pomwe zilembo za moov zayambira. Mukafuna kutsimikiza kwambiri, yendani mabokosi onse a m'kati, mvhd, trak, trak, udta, muphatikize kukula kwawo, ndipo zikwane ndendende kukula kwa moov kuchotsa 8. Pa ftyp chimodzimodzi, pambuyo pake pamabwera zilembo zinayi monga isom, mp42, kapena qt ndi mipata iwiri pa mafayilo a MOV.

wazamakhadi
Ndawonjezera mvhd ndi kuphatikiza kukula kuja, zangozi zonse zachoka. Kwatsala kulumikiza moov iliyonse ndi mdat yake pa mafayilo oduka zidutswa. Ndikuganiza zogwiritsa ntchito manambala a mu stco, tebulo la m'moov lolozera malo a data, kapena co64 pa mavidiyo aakulu, kuti ndione ngati malo omwe akuloza akuyambadi ndi utali womveka wa NAL, kachidutswa ka data ya vidiyo. Amene anachitapo zimenezi pa exFAT andiuze mmene anapezera cluster yomwe chidutswa chachiwiri chikuyambira.